Luso la Msewu M'kadziko ka Tisitima

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu ambirimbiri, ena madokotala, ena opuma pantchito, ena ana asukulu, amene amatha zaka akumanga njanji zing'onozing'ono m'galaja kapena m'chipinda chapansi pa nyumba. Tisitima toyenda pa njanjizo timayendera magetsi, ndipo pafupifupi tonse n'togula. Makampani monga Märklin ya ku Germany, Hornby ya ku Britain ndi Kato ya ku Japan amatipanga mwaluso moti timisomali ta pathupi la injini timaoneka, zilembo zake n'kumawerengeka. Munthu wandalama angathe kulowa m'sitolo m'mawa, pofika madzulo n'kukhala ndi sitima yokongola yofanana ndi ya katswiri wina aliyense. Chimene sangagule ndi dziko loti sitimayo idutsemo: zitunda, madambo, mipanda, ngalande, misewu. Apa m'pamene wosonkhanitsa zidole amasiyanirana ndi mmisiri, ndipo pa zonsezi ine ndimayamba kuyang'ana msewu.

Ambiri a ife sitingazindikire kuti injini yaikidwa chumuni cholakwika kapena kuti bogi ili ndi mawindo ochuluka kuposa yeniyeni. Koma msewu tonse timaudziwa. Tauyenda wapansi, tauyenda panjinga, tadikirapo basi m'mbali mwake dzuwa likuswa mtengo. Diso limadziwa kutambalala kwake, mtundu wake, mmene umapendekera pokhota, mmene udzu umaudyera m'mphepete, ngakhale mwini disoyo atalephera kufotokoza. Choncho mlendo wosadziwa kanthu za sitima akaima pa kadziko kotere n'kumva mumtima kuti china chake sichili bwino, kawirikawiri vuto limakhala msewu. Ndipo msewuwo ndi umene amisiri ambiri amausiyira kumapeto, n'kuupanikiza pa kamalo kotsala pakati pa siteshoni ndi m'mphepete mwa thebulo.

Mlingo wofala kwambiri padziko lonse ndi HO, umene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Munthu wamtali mamita 1.7 amasanduka kachidole ka mamilimita pafupifupi 20. Mbali imodzi ya msewu waukulu wa ku America, imene imakhala mafiti 12 kapena kuti mamita 3.66, imafuna mamilimita 42. Mbali ziwiri ndi mamilimita 84, tisanawerenge n'komwe m'mphepete moima galimoto yowonongeka, ngalande ndi moyenda anthu apansi. Zonse pamodzi zimadya masentimita 15 kapena kuposa. Pa thebulo lotambalala masentimita 60 amenewo ndi malo ambiri, ndiye mmisiri amayamba kumeta. Amachotsa ngalande, amachotsa m'mphepete, msewu n'kuubweza pa mamilimita 50, mapeto ake mathiraki awiri amene wawaikapo sangadutsane osakhulana. Pokhota amapinda mwadzidzidzi moti basi yeniyeni ikanakathera m'munda wa eni.

Kumetako pakokha si mlandu, chifukwa luso lonseli n'lometa. Kilomita imodzi mu HO ndi mamita 11.5, ndiye palibe nyumba imene ingasunge mtunda weniweni wa pakati pa masiteshoni awiri. Fakitale ya mawindo 30 imamangidwa ndi mawindo 12, sitima ya mabogi 100 imakoka 15, woonera osavutika nazo. Nkhani yagona pa mbali imene ukumeta. Utali diso limakhululuka popeza lilibe choyezera, koma m'lifupi mwa msewu choyezera chaima pomwepo, ndicho galimoto. Kwa ine bola msewu umodzi wokwana bwino kusiyana ndi itatu yofinyika. Ngati malo palibe, mmisiri asankhe kanjira kakumudzi kopapatiza n'kukamanga monga kanjira, osati kujambula mizere ya msewu waukulu pa kampata ka ngolo.

Kenako mtundu. Mukafunsa mwana kuti phula ndi lotani adzati lakuda, ndipo m'masitolo mumapezeka misewu yomata yakuda bii yogwirizana ndi yankho limenelo. Koma phula limada likadali latsopano. Dzuwa, mvula ndi matayala zimalisulutsa, timiyala ta m'kati timayamba kuonekera, ndipo pakapita zaka zochepa msewu umakhala wotuwa, wina mopita ku phulusa, wina mopita ku dothi la kumaloko. Palinso nkhani ya mtunda. Munthu woima mita imodzi kuchokera pa kadziko ka HO akuona malowo ngati ali pa mtunda wa mamita 87, ndipo pa mtunda wotero mpweya, fumbi ndi kuwala zimafewetsa mtundu uliwonse. Kuonjezera apo, dzuwa lamasana limawala kuwirikiza ka 100 kapena kuposa poyerekeza ndi babu la m'chipinda, moti penti imene panja ikanaoneka yotuwa bwino, m'nyumba imada. N'chifukwa chake amisiri odziwa amasakaniza penti yowalirapo kuposa mmene mtima ukuwauzira, n'kudonthezamo pang'ono ya mtundu wa dothi kuti isapite ku buluu.

Msewu wabwino umayamba ndi maziko a katoni yolimba kapena pulasitiki yopyapyala, ndipo kunsi kwake, kutsatira pakati, amaikako kamzere kena kopyapyala kuti msana wa msewu utukuke. Msewu weniweni umatsetsereka masentimita 2 kapena 3 pa mita iliyonse kuchoka pakati kupita m'mbali kuti madzi asaime. Mu HO kutukukako ndi milimita imodzi basi, koma kuwala kukagwera cham'mbali kumaoneka. M'mbali amamata timatabwa tiwiri tokhala malire, n'kuthira pulasitala wosakaniza kale ndi penti yotuwa, kuti tsiku lina akadzabenthuka asadzaonetse zoyera m'kati. Amamukoka ndi chitsulo chowongoka kapena khadi lakale la kubanki, n'kumusiya usiku wonse. Akauma amamupala ndi sandipepa yosalala kwambiri. Apa ambiri amaphonya poganiza kuti phula liyenera kukhakhala, ndiye amamata sandipepa yeniyeniyo kapena kuwaza mchenga. Mwala wa m'phula ndi wa mamilimita 10 kapena 14. Ukaugawa ka 87 sufika n'komwe pa gawo limodzi la magawo asanu a milimita. Chala chisamve kanthu. Kukhakhalako kumabwera ndi penti: siponji yofinya bwino, kudinda mitundu iwiri kapena itatu yotuwa yosiyana pang'onong'ono, wina pamwamba pa unzake, mpaka msewu utakhala ndi timadontho timene diso limatiwerenga kuti ndi miyala.

Zikatero pamatsala kuupatsa zaka. Ufa wa choko cha ojambula, wopaka ndi bulashi youma, umasiya mzere woderapo pakati pa mbali iliyonse, modonthera oilo, ndipo mzerewo umada kwambiri pamene magalimoto amaima: pamphambano, pamaloboti, podikira sitima. Ming'alu amailemba ndi nsonga ya pensulo kapena lezala, ndipo simwazika chisawawa. Imatsatira m'mphepete momwe maziko ndi ofooka, imatsatira msoko wapakati pamene phula la mbali ziwiri linakumana, imazungulira chivundikiro cha ngalande. Chigamba cha amene anakumba poika paipi chimakhala cha ngodya zinayi, chopingasa msewu kulunjika pa nyumba imene paipiyo ikupita. Msewu wa konkire uli ndi misoko yake pa mamita 4 kapena 5 alionse, kutanthauza masentimita 5 kapena 6 pathebulo. Banga lililonse likhale ndi chimene chinalibweretsa. Amene amangowaza ming'alu kuti pasaoneke pambalambanda wakongoletsa ndithu, koma sanauze woonera chilichonse za magalimoto odutsa pamenepo, kulemera kwake, kapena khonsolo imene imasamalira msewuwo.

Mizere ndi zikwangwani nazo zili ndi kalendala yake. Mzere woyera wotambalala masentimita 10 umangopitirira pang'ono milimita imodzi mu HO, koma ambiri amaujambula wonenepa katatu. Ku America mzere wodukiza wa msewu waukulu umakhala mafiti 10, mpata wake mafiti 30, pamene pa tidziko tambiri timizere timachita kuthithikana. Chopusitsa kwambiri ndi chaka. Ku United States mzere wachikasu wolekanitsa magalimoto opita ndi obwera unakhazikitsidwa m'dziko lonse mu 1971, ndipo chikwangwani cholamula kuima chinali chachikasu kufikira 1954 pamene chinasanduka chofiira. Ku Britain malo owolokera a mizere yakuda ndi yoyera anayamba mu 1951, zikwangwani za masiku ano n'kubwera mu 1965. Munthu amatha miyezi kufufuza kuti injini yake yamalasha ikhale ndi nambala ndi penti ya 1948, kenako n'kuiimika pafupi ndi chikwangwani chofiira cha STOP. Zimandiwawa kuona khama lonselo likutayikira pa kanthu kosakwana sentimita imodzi.

Komatu msewu sungakhale woona pa nthaka yabodza. Cholakwika chakale kwambiri m'lusoli ndi kukhoma njanji pa thabwa lafulati, kenako n'kuunjikapo timapiri ngati zinthu zobwera pambuyo. Padziko lenileni inayamba ndi nthaka. Njanji inabwera mochedwa, mainjiniya n'kumadula zitunda ndi kukwirira zigwa, chifukwa sitima imavutika kukwera malo okwera mamita oposa 2 kapena 3 pa 100 alionse. Msewu ndi womasuka: umakwera, umatsika, umalambalala munda wa munthu, umafuna pamene mtsinje uli wosaya. Njanji youma khosi pambali pa msewu wotsatira nthaka, kusiyana kumeneko n'kumene kumapatsa kadziko moyo, ndipo kuti kutheke nthaka iyenera kutha kutsika kunsi kwa njanji. Linn Westcott, amene anali mkonzi wa magazini ya Model Railroader ku America, anafalitsa m'zaka za m'ma 1960 njira yomanga mafelemu otseguka, njanji n'kuikweza pa timizati, zitunda n'kuzikuta ndi mapepala oviika mu pulasitala wolimba. Lero ambiri amasema fomu yolimba ija yotchingira kuzizira m'makoma a nyumba, imene mpeni wa buledi umadula mosavuta.

Akatha kuumba nthaka, mmisiri adzifunse kuti mvula itagwa pamenepo madzi angalowere kuti. Yankho lake ndi limene limabala ngalande m'mbali mwa msewu, kalavati pamene kakhwawa kakumana ndi msewuwo, udzu wobiriwira kwambiri m'munsi monyowa, nthaka yokokoloka potsetsereka, matope ouma pageti la ng'ombe. Palibe woonera amene amaziwerenga chimodzichimodzi, koma zikasowa msewu umaoneka wogonekedwa pamwamba, osati wokumbidwa m'nthaka.

Mmodzi mwa oyamba kuonetsa zimenezi anali John Ahern wa ku Britain, amene m'zaka za m'ma 1930 anayamba kumanga Madder Valley, kadziko kongopeka ka doko, midzi ndi mtsinje, panthawi imene anzake ambiri ankakhutira ndi njanji pa thabwa lopanda kanthu. Buku lake la Miniature Landscape Modelling linaphunzitsa ambiri obwera pambuyo pake. Madder Valley ikusungidwa ku Pendon Museum, m'mudzi wa Long Wittenham ku Oxfordshire, ndipo ku Pendon komweko n'kumene, m'kuona kwanga, luso limeneli linafika pachimake.

Pendon inayambitsidwa mu 1954 ndi Roye England, wa ku Australia, amene anafika ku England mu 1925 n'kukopeka ndi midzi ya m'chigwa chotchedwa Vale of White Horse. Anaona nyumba zakale zofolera udzu zikugwetsedwa, zina zikusinthidwa madenga, ndipo anatsimikiza zosunga chigwacho mmene chinalili m'ma 1920 ndi m'ma 1930, pa mlingo wa 1 ku 76. Ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, kuyeza makoma, kujambula zithunzi, kulemba mitundu ya njerwa ndi miyala. Nyumba yake yoyamba, malo omwera mowa amene anawatcha Waggon and Horses, anaiyamba mu 1931 potengera nyumba yeniyeni ya ku Wanborough. Makoma a ku Pendon ndi akatoni, njerwa iliyonse yodindidwa payokha n'kupakidwa payokha ndi penti yamadzi. Madenga oyambirira anawafolera ndi tsitsi la anthu, pambuyo pake n'kumagwiritsa ntchito ulusi umene okonza mipope amakulunga polumikiza mapaipi. Roye England anamwalira mu 1995 ntchito isanathe, anthu odzipereka n'kuipitiriza.

Anthu akamatama Pendon amatchula njerwazo ndi timakabichi ta m'madimba. Ine chimene chimandigwira mtima ndi malo amene anawasiya opanda kanthu. Njanji ya Great Western imadutsa m'munsi, mudzi uli pachitunda, ndipo pakati pake pali minda, msipu ndi mipanda ya zitsamba, malo amene wina akanathithikamo siteshoni ina ndi mafakitale awiri. Tinjira ta m'mudzimo n'topapatiza, totuwa monga miyala ya m'deralo. Timakhota polambalala nyumba, timatambalala pang'ono pamene ngolo zimatembenukira, m'mphepete mwake simudziwika chifukwa udzu watilowerera. Magalimoto ndi ochepa monga analili ochepa m'midzi ya nthawi imeneyo. Sitima ikamadutsa imakhala mlendo m'dziko la eni ake, ndipo chifukwa cha chimenecho imaoneka yolemera, yochokera kutali, yopita kutali.

Njira yafumbi imafuna diso lakuthwa kuposa ya phula, popeza chilichonse chodutsapo chimasiya chizindikiro chake. Kanjira ka ngolo yokokedwa ndi hatchi imodzi kamakhala ndi mizere itatu yoperepeseka, iwiri ya mawilo, wapakati wa ziboda. Ngolo ya ng'ombe ziwiri kapena thirakitala zimasiya iwiri yokha, udzu n'kumera pakati. Woumba famu ya ku England ya nthawi ya mahatchi akaika udzu wosadukiza pakati pa kanjira, wabweretsa thirakitala isanafale. Mizereyo amaikanda pulasitala asanaume, pokoka mawilo a kagalimoto kakale ka mlingo womwewo kuti mpata wake ukhale woona. Pamwamba ambiri amathira dothi lenileni. Amaliumitsa mu uvuni kuti tizilombo ndi chuku zife, amalisefa pa nsalu yopyapyala mpaka patsale ufa wokhawokha, amayendetsamo maginito kuti atole tizitsulo timene tikanakakakamira mu mota ya sitima. Akaliwaza amayamba alinyowetsa ndi madzi odonthezamo sopo wotsukira mbale, apo ayi guluu amangokhala pamwamba timadontho timadontho osalowa. Kenako amathira guluu woyera wamatabwa wosungunula ndi madzi. Dothi lomata limada kuposa louma, choncho amalisakaniza ndi ufa wowala, monga simenti ija yotsekera mipata ya matailosi, kapena kulipaka ufa wa choko likauma.

Wofuna kuumba njanji za kwathu kuno angayambe ndi vuto lina. Njanji zikuluzikulu za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa zili ndi mpata wa mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo, wocheperapo poyerekeza ndi 1,435 wofala ku Ulaya ndi ku America, ndiye njanji yogula ya HO, ya mamilimita 16.5, imatambalala mopitirira. Amisiri a ku New Zealand, kumene mpata ndi womwewu, amamanga zonse pa mlingo wa 1 ku 64, pamene njanji yomweyo imakwana bwino. Limenelo n'lothetseka ndi masamu. Chovuta ndi katondo, amene akamatidwa ndi guluu pansi pa babu amataya kufiira kwake n'kudera, ndiponso udzu wa mu Okutobala umene ufa wobiriwira wopangira madambo a ku Bavaria sungautulutse. Kanjira kosalala ka njinga m'mphepete mwa msewu wamabampu, kamene aliyense wakuno amakadziwa, palibe kampani imene imakagulitsa.

Kale udzu unali utuchi wonyika mu utoto wobiriwira, pambuyo pake siponji yogaya, ena ku Britain n'kumagwiritsa ntchito ubweya wosokera zidole kapena nsanza za pansi pa kapeti. Chinasintha zinthu ndi timaulusi toimika ndi magetsi. Chida chake, monga Gras-Master ya kampani ya Noch, ndi kachitini kokhala ndi sefa kunsi, koyendera batire, ndi waya umene amaubaya mu guluu wonyowa. Akachigwedeza pamwamba, timaulusi timatuluka titatenga mphamvu ya magetsi n'kugwera mu guluu choimirira, nsonga kumwamba. Ta mamilimita 2 ndi udzu wa masentimita 17, ta mamilimita 6 ndi wofika m'mawondo, ta 12 ndi wa m'chiuno. Chidachi chinapeputsa ntchito, koma chinabweretsanso matenda ake: madambo obiriwira mofanana, amsinkhu umodzi, kuyambira panjanji mpaka kukhoma. Udzu weniweni wa m'mbali mwa msewu ndi waufupi, wotuwa ndi fumbi pamene matayala amaupondako, umanka nutalika chakungalande, ndipo kunsi kwake kumakhala wouma wa chaka chatha. Ndiye pamafunika kusanjikiza, waufupi wotumbuluka pansi, wautali apo ndi apo, guluu osatsatira rula, fumbi lilowerere pa phula, udzu ulowerere m'fumbi. Ntchito ya Gordon ndi Maggie Gravett pa Pempoul, kadziko koonetsa Brittany ku France, imatamandidwa chifukwa chomwechi: udzu ndi mitengo yake zimaoneka zomera zokha. Mitengo nayo anthu amaiopa kutalika. Wa mamita 20 ndi masentimita 23 mu HO, wopitirira nyumba zosanja, pamene yambiri yogula imalekera patali.

Ku America njira inali ina. John Allen wa ku Monterey, California, anali wojambula zithunzi, ndipo kadziko kake ka Gorre & Daphetid anakamanga ndi diso la kamera: mapiri ochoka pansi penipeni pa chipinda mpaka kudenga, milatho italiitali, magalasi obisika ochulukitsa misewu ndi nyumba. Mu 1948 anapambana mpikisano ndi shedi ya injini yothimbirira, njiwa zili padenga ndi zitosi zake zomwe, panthawi imene anzake ankapaka zonse kuti ziziwala ngati zangotuluka kumene m'fakitale. Iyeyu ndi amene anatsegula maso a ambiri kuti dzimbiri, mwaye ndi fumbi n'zofunika. Anamwalira mu Januwale 1973, ndipo patangopita masiku 10 moto unawononga kadzikoko, kwambiri n'kutsala zithunzi. Ulemu wake palibe angaukane. Komabe mbewu imene anafesa inamera mopitirira. Pa Franklin & South Manchester, kadziko ka George Sellios ku Peabody, Massachusetts, koonetsa mzinda wa m'zaka zaumphawi za m'ma 1930, makoma ndi odzaza zikwangwani, misewu ndi yong'ambika, m'makona muli zinyalala ndi anthu. Manja a Sellios ndi odabwitsa, ndipo ofanana naye ndi owerengeka. Koma limenelo ndi sewero, ndipo omutsanzira opanda manja akewo amathera pa dziko limene denga lililonse likudontha, palibe amene anapentapo chitseko. Mzinda ngakhale wosauka bwanji umakhala ndi khoma lina loyera ndi msewu wina wokonzedwa chaka chatha, ndipo chakale chimaoneka chakale chifukwa chatsopano chili pambali.

Kutsidya linalo kuli Lance Mindheim, amene amaumba madera a mafakitale ndi nyumba zosungira katundu za ku Miami: makoma aatali opanda mawindo, mabwalo a konkire opanda munthu, udzu wa m'ming'alu. Iye amajambula makoma enieni, n'kukonza zithunzizo pakompyuta, kuzisindikiza pa mlingo ndi kuzimata, ndipo njira yomweyo imagwiranso ntchito pa misewu. Ena amati kumeneko n'kubera, mmisiri azipenta ndi manja. Ine sindigwirizana nawo. Chithunzi chomata chili ndi zofooka zake, inki imasuluka, msoko wa mapepala umaoneka ukapanda kubisidwa pa mng'alu kapena pa mzere. Koma chimakakamiza munthu kupita kukaima pa msewu weniweni, ndipo mtundu umene amabwera nawo ndi wa msewuwo, osati wa m'mutu mwake.

Msewu uliwonse umakafika kukhoma, ndipo pamenepo m'pamene bodza limagwidwa msanga. Wolunjika kukhoma n'kupitirizidwa ndi penti umaoneka bwino ukaima malo amodzi okha. Ukasuntha phazi limodzi umathyoka. Njira zabwino zonse n'zobisa. Msewu ukhotere kuseri kwa nyumba, ulowe kunsi kwa mlatho, kapena ukwere kachitunda n'kutsikira kumbuyo kwake, pakati pa chitundacho ndi khoma patsale mpata kuti mtengo usaponye mthunzi pa mitambo. Galasi limathandiza likaikidwa moti woonera asadzione nkhope, ndipo galimoto yoima patsogolo pake amaipaka mtundu wina mbali yakuseri kuti ya m'galasi ioneke ngati ina. Pa Copenhagen Fields, ya gulu la The Model Railway Club ku London, yoonetsa dera la kumpoto kwa siteshoni ya King's Cross, njanji zakutsogolo zili pa mlingo wa 1 ku 152, koma nyumba ndi misewu zimanka zicheperachepera chakumbuyo mpaka mzinda kuoneka ngati ukupitirira makilomita angapo.

Pamene msewu ukuwoloka njanji mmisiri amagonja pang'ono. Mawilo a tisitima ali ndi milomo yokula kuposa mlingo, ndiye mpata wa m'kati mwa zitsulo umatambalala kuposa weniweni, ndipo phula limayenera kutsikirako pang'onong'ono kunsi kwa mutu wa chitsulo kuti chofufutira njanji chisalipale, mawilonso asanyamuke n'kutaya magetsi. Zimenezo n'zokhululukika. Chosakhululukika ndi msewu wokwera njanji mwadzidzidzi chifukwa njanjiyo yakhala pamwamba pa miyala yake. Weniweni umayamba kukwera ukadali kutali.

Alipo amene amafuna kuti magalimoto aziyendanso. Ku Miniatur Wunderland ku Hamburg, imene mapasa Frederik ndi Gerrit Braun anatsegula mu 2001, magalimoto a m'tauni yongopeka ya Knuffingen amaima pamaloboti, amayatsa ma indiketa, ozimitsa moto amathamangira kunyumba yofuka utsi, ndipo usiku umagwa mphindi 15 zilizonse. Maziko ake ndi njira imene kampani ya Faller imagulitsa: waya wachitsulo wokwiriridwa mumsewu, kamaginito ka kutsogolo kwa galimoto kamautsatira n'kumawongolera mawilo. Ndi ntchito yaikulu ya uinjiniya, ndipo chisangalalo cha ana ndi akulu amene amakhamukira kumeneko n'chenicheni. Koma msewu woti kamaginito kazikhwekhwerezekapo uyenera kukhala wosalala, wopanda maenje, waya ali pafupi ndi pamwamba, ndipo diso la woonera limathamangira chimene chikuyenda, nthaka osaiona. Wunderland imakugwira dzanja kuti taona ichi, taona icho. Pendon imakusiya uyang'ane wekha. Zonse ziwiri ndi luso, koma yachiwiriyo ndi imene ndimaiika patsogolo.

Kwa amisiri ambiri magalimoto amakhala oima, ndipo poimapo pamafunika kuganiza. Ku zionetsero za ku Britain basi yoima pakati pa mlatho wodutsa njanji inafala moti anthu amachita kuiyembekezera. Imakhala pamenepo tsiku lonse, nthawi zambiri yopanda dalaivala, sitima zikudutsa kunsi. Galimoto yosayenda ikhale pamene galimoto imaima: pakhomo pa sitolo, pageti la njanji lotseka, pomwetsera mafuta. Chimodzimodzi anthu: wokhala pabenchi, wotsamira mpanda, awiri ocheza, osati wothamanga mwendo uli m'mwamba mpaka kalekale. Galimoto yongotuluka m'bokosi imawala mopitirira, ndiye imafuna vanishi wosawala, fumbi pang'ono kunsi kwa zitseko, ndi dalaivala ngati ili pamsewu. Yoima pokhota aipotoze mawilo akutsogolo. Kunsi kwa tayala lililonse apalepo pang'ono ndi tupa, chifukwa tayala lenileni limaphwatalala ndi kulemera, pamene lapulasitiki limagunda msewu pa kansonga kokha, mwinanso limodzi mwa anayiwo n'kulendewera m'malere.